Ndege Zathu Poziyang'anira ku Liwonde: Mbiri ya Air Malawi ndi Mlowam'malo Wake

Maboma a Machinga ndi Balaka alibe bwalo la ndege loti munthu n'kugulapo tikiti ndi kukhala pansi kudikira ulendo. Kamene kalipo ndi kabwalo kakang'ono m'nkhalango ya Liwonde, kufupi ndi Mvuu, kotera tindege ta alendo odzaona njovu. Munthu wa ku Ntaja, ku Nayuchi, ku Ulongwe kapena kwa Nsamala akafuna kukwera ndege, bwalo lake ndi Chileka. Adzere ku Zomba ndi Limbe, apo ayi atsike ndi msewu wa Zalewa mpaka akakhote pa Kameza. Kwa ambiri ndi mtunda wa makilomita oposa 100, ndipo ochuluka mwa amene amauyenda amapita kukaperekeza kapena kukachingamira m'bale, osati kukakwera okha.

Koma m'midzi yomweyi muli nkhalamba zimene zinakwera ndege zili anyamata, zina zisanaphunzire n'komwe kulemba dzina. Mbiri ya ndege za dziko lino imakonda kuyambira pa mbendera ndi pa mayina okongola olembedwa pamphuno za ndegezo. Ine ndiyambira pa azigogo amenewa, chifukwa ndiwo anali Amalawi wamba oyamba kudzaza ndege, ndipo zimene zinachitika iwo atasiya kukwera zikutionetsa bwino njira imene kampani yathu inatenga.

Mu 1946 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anakhazikitsa kampani imodzi ya ndege, Central African Airways, likulu lake ku Salisbury komwe lero ndi Harare. Kuno khomo lake lalikulu linali Chileka. Ndi pamenepo pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anatsikira pa 6 Julayi 1958, ndi pomweponso pamene anamukwezera ndege ya ku Gwelo atamumanga pa 3 Malichi 1959. M'kati mwa dziko munkayenda tindege totchedwa Beaver, ta injini imodzi, tonyamula anthu owerengeka ndi zala, totera pa udzu. Tinkafika ku Lilongwe, Salima, Mzimba, Mzuzu mpaka ku Karonga, masiku amene misewu ya kumpoto inkachita kutsekeka dzinja likafika. Okweramo anali akuluakulu a boma, amishoni, azungu a m'maesiteti ndi matumba a makalata.

Munthu wakuda wa kumudzi anali ndi ndege yakeyake, ya Wenela. Mnyamata wa ku Kasupe, ndilo dzina lakale la boma la Machinga pamene Balaka inali isanapatulidwe kukhala boma palokha mu 1998, ankapita kukalembetsa, kuvula malaya kuti dokotala amupime chifuwa, kukwera sikelo, kenako kudinda chala pa kontrakiti. Gulu likakwana ankalikweza ndege za kampani yolemba anthu ntchitoyo, ma DC-3 ndi ma DC-4, ulendo wa ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene sitima ya pamtunda inkawatenga kukawatula ku migodi ya golide ya ku Joni. Maulendo amenewa anayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo ankachitika mosadukiza. Patatha chaka ndi theka kapena ziwiri mnyamata uja ankatsikanso pa Chileka atavala jekete, sutikesi yachitsulo kudzanja, bulangete latsopano paphewa, n'kukalandira gawo la malipiro ake limene linkatumizidwa kuno kwawo. Ndalama zimenezo zinagula njinga, malata ndi makina osokera m'midzi yambiri ya kuno, ndipo boma nalo linkapezerapo ndalama zakunja. Sindikuyamikira ntchito ya m'migodiyo. Inali yowawa, yolipira mochepa, ndipo ambiri anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Chimene ndikunena n'chakuti kunali nthawi imene ndege zinkadzaza ndi anthu a m'midzi ya Kawinga, Liwonde ndi Kalembo, chifukwa panali wina amene anawerengera ndithu kuti kuwanyamula m'mwamba kukumupindulira.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha kumapeto kwa 1963, Central African Airways inagawika nthambi zitatu: Air Malawi, Zambia Airways ndi Air Rhodesia. Air Malawi inayamba mu 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, ili ndi ma DC-3 ochepa ndi ma Beaver aja, ikulamulidwabe kuchokera ku Salisbury. Ian Smith atalengeza ufulu wa boma lake la azungu mu 1965, mayiko atatuwa sakanathanso kudyera mbale imodzi, ndipo mu 1967 Air Malawi inakhala kampani ya boma yoima payokha, ofesi zake ku Blantyre. Inakula msanga. Inatenga ma Viscount, kenako ma HS 748 awiri, ndipo mu 1972 inagula jeti ya BAC One-Eleven. Ndale za nthawiyo zinaithandizanso. Mayiko ambiri a mu Africa ankakana kuti ndege za ku South Africa zitere kwawo, pamene Kamuzu anali atatsegula ubale ndi boma la Pretoria mu 1967. Choncho munthu wochoka ku Johannesburg kapena ku Salisbury wofuna kupita kum'mawa kwa Africa ankatha kusinthira ndege pa Chileka. Makasitomala ena a Air Malawi anachokera pa mpata umenewu, mpata umene sunali woti n'kukhalitsa.

Chaka cha 1974 ndicho chiyenera kuyang'anitsitsidwa. Pa 4 Epulo, ndege ya Wenela ya DC-4 inanyamuka ku Francistown kubwera kuno, itadzaza ndi anthu otha kontrakiti. Itangodzuka pansi mainjini anayamba kufooka, ndipo inagwa n'kuyaka moto isanapite patali. Mwa anthu 84 amene anali m'ndegemo, 78 anafa, ndipo oposa 70 anali Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta ake anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti, amene injini za mtundu umenewo sizigwirizana nawo. Anthu amene anapulumuka miyala ya pansi pa nthaka anafera pa khomo la ulendo wa kwawo, akatundu awo a mphatso ali m'manja. Kamuzu analetsa pompo kuti Wenela isalembenso anthu m'dziko muno. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira pafupifupi onse anabwerera. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene kumudzi timati Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pakale, ndipo zonse zinatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a ogwira ntchitowo. Mpaka lero nkhalamba za ku Theba zikuyendabe m'maofesi kulondola ndalama zawo.

Patangotha miyezi isanu ndi itatu chichitikire ngoziyo, mu Disembala 1974, Air Malawi inayamba ulendo wa ku London. Inagula ndege yaikulu ya Vickers VC10 kwa British Caledonian, ya mainjini anayi kumchira, yopangidwira mabwalo afupiafupi a kumayiko otentha ngati Chileka. Inkanyamuka pa Chileka, kuima ku Nairobi, n'kukatera pa Gatwick. Aliyense amene anaiona ikudzuka amaikumbukira ndi chimwemwe, ndipo ine sindingachepetse chimwemwe chimenecho. Dziko losauka, la zaka khumi zokha chilandirire ufulu, linali ndi mbendera yake pa bwalo la ndege la atsamunda ake akale. Koma ndegeyo inali imodzi yokha, yomwa mafuta kwambiri, ndipo inabwera nthawi imene mtengo wa mafuta padziko lonse unali utangokwera koopsa mu 1973. Ikapita kokonzetsa, ulendo wa ku London unkaima kapena kuyendera ndege yobwereka. Pofika 1979 kampani inalephera kupirira, ulendowo unatha. Ndegeyo itasowa wogula inakhala pa Chileka zaka zambiri, dzuwa ndi mvula zili pamsana, mpaka inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990.

Chaka chimodzi chomwecho, ndiye kuti, munthu wamba anatsika m'ndege ndipo kampani ya dziko inakweza maso kuyang'ana ku London. Ndege inagwayo sinali ya Air Malawi, ndipo palibe amene anakonza kuti zinthu ziwirizi zitsatizane. Koma kuyambira pamenepo funso limene kampaniyo inkadzifunsa linali lakuti mbendera yathu ikaonekere kuti, osati lakuti Amalawi ambiri akupita kuti, atanyamula chiyani. Yankho la funso lachiwirili silinasinthe kuyambira masiku a Wenela. Amalawi ambiri, makamaka a Machinga, Balaka ndi Mangochi, amapita ku Joni.

Mu 1983 bwalo latsopano la Kamuzu International linatsegulidwa ku Lumbadzi, lili ndi msewu wothamangapo ndege wa makilomita atatu ndi theka, pamene wa Chileka ndi wa makilomita awiri ndi pang'ono. Ndege zikuluzikulu za ku Ulaya, monga British Airways ndi KLM, zinayamba kutera ku Lilongwe, ndipo Chileka inatsala ndi maulendo a m'chigawo chino cha Africa. Mu 1985 Air Malawi inabwereka Boeing 747SP ku South African Airways, n'kuipaka utoto wathu, kuti ikanyamule Kamuzu pa ulendo wake wa boma ku Britain. Inakhala m'manja mwathu masabata owerengeka. Chanzeru chenicheni chinachitika mu 1991, pamene kampaniyo inagula Boeing 737-300 yatsopano n'kuitcha Kwacha, pamodzi ndi ATR 42 yotchedwa Shire. Zimenezi zinali ndege za msinkhu wathu. Kwacha inayenda njira ya Johannesburg, Harare ndi Nairobi zaka pafupifupi 20, ndipo akatswiri a Chimalawi amene ankaiyendetsa ndi kuikonza anali anthu odziwa ntchito yawo, moti ambiri anadzalembedwa ndi makampani akunja.

Zaka zomwezo, kuno kwathu nkhani ya katundu inali ya njanji. Sitima inayamba kudutsa pa Balaka mu 1935, ndipo mu 1970 njanji ya kuchoka pa Nkaya kuoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi inatsegula njira ya ku doko la Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zinaduka. Fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta zinayamba kuyenda pa malole ulendo wautali wa ku Durban ndi ku Dar es Salaam, mtengo wa chilichonse n'kukwera. Boma linali litakhazikitsa kale Air Cargo Malawi mu 1979 kuti iziona za katundu wa pa ndege, ndipo m'masiku ovutawo mankhwala, zipangizo za makina ndi zina zofunika msanga zinkalowa kudzera m'mwamba. Koma ndege singanyamule matumba a feteleza a dziko lonse. Anthu a pa Nkaya ndi pa Nayuchi anaona ndi maso awo kuti sitima ikaima, palibe ndege imene ingalowe m'malo mwake. Ntchito ya ndege ndi ina: katundu wopepuka, wodula, wosachedwa kuonongeka.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mtsogoleri wake ali Bakili Muluzi wa kwa Kapoloma konkuno ku Machinga, makampani a boma anayamba kugulitsidwa. Malawi Railways inaperekedwa kwa Central East African Railways mu 1999. Air Malawi inasowa woitenga. Zokambirana ndi South African Airways zinalephereka cha m'ma 2003, ndipo za Comair, ya ku South Africa komweko, zinatheranso panjira patapita zaka zingapo. Tsankho litatha ku South Africa, panalibenso chifukwa choti munthu azisinthira ndege ku Malawi. Ndege za ku Ulaya zinasiya kubwera imodziimodzi, ndipo Kenya Airways, Ethiopian Airlines ndi South African Airways zinayamba kutola okwera athu kupita nawo ku Nairobi, Addis Ababa ndi Johannesburg, komwe kuli ndege zopita kulikonse. Air Malawi inayesa njira ya ku Dubai, imene amalonda anaikonda, koma vuto lakale lija linali pomwepo. Kampani ya ndege ziwiri kapena zitatu, imodzi ikapita kokonzetsa kunja, ndondomeko yonse ya maulendo imasokonekera. Kubwereka ina kumalipidwa m'madola. Mafuta, zipangizo ndi inshuwalansi ndi madola okhaokha, pamene matikiti ambiri amagulidwa m'makwacha amene mphamvu yake inkatsika chaka ndi chaka. Ngongole zinaunjikana mpaka madzi anafika m'khosi. Kumapeto kwa 2012 boma la Joyce Banda linaganiza zothetsa kampaniyo, ndipo mu Febuluwale 2013 Air Malawi inasiya kuuluka. Ogwira ntchito, ena atatumikira zaka makumi, anabwerera kunyumba.

Mlowam'malo wake, Malawian Airlines imene lero timaitcha Malawi Airlines, inakhazikitsidwa mu 2013 ndipo inayamba maulendo pa 31 Januwale 2014. Boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines ili ndi 49. Pangano linali lakuti mbali yaikulu ya magawo a bomawo idzagulitsidwe kwa Amalawi, ndipo lonjezo limenelo ndi loyenera kumalikumbutsa. Kampaniyo inayamba ndi ndege ziwiri zochokera kwa Ethiopian, Boeing 737 ndi Q400, n'kutsegula njira za Johannesburg, Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi. Ubwino wa ubalewu ndi woonekeratu. Ndege ikadwala, mnzathuyo ali ndi zina zambiri ndiponso malo ake okonzera ku Addis Ababa, choncho ulendo suima miyezi. Ethiopian yachita zofananazo ndi ASKY ku Togo ndi Zambia Airways ku Lusaka, ndipo cholinga chake sichobisika: makampani ang'onoang'onowa azitolera okwera n'kuwatumiza ku likulu lake. Palibe choipa pamenepo, bola ife eni gawo lalikulu tizidziwa chimene tikufuna. Mu Malichi 2017 ndege ya kampaniyi inapita ku Dar es Salaam ikuyendetsedwa ndi akazi okhaokha, Kaputeni Yolanda Kaunda ali pa chiwongolero pamodzi ndi Lusekelo Mwenifumbo. Tsiku limenelo linandisangalatsa kuposa la ndege yobwereka ya 1985, chifukwa luso la anthu athu limatsala kuno ngakhale ndege itabwerera kwa mwini wake.

Chileka nayo yadutsa m'zake. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake a pabwaloli oyendera a kwawo atapeza kuti mpanda unali wothyoka ndipo magalimoto ozimitsa moto ndi ambulansi sizinali zokwanira. Chaka chomwecho msewu waukulu wa ndege unatsekedwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe. Kenako Covid-19 inatseka mabwalo onse kuyambira mu Epulo 2020. Chitsegulireni, maulendo abwerera ndipo ena ndi atsopano. Ethiopian yakhala ikutera pa Chileka, ndipo mu 2023 Airlink inayamba kuuluka pakati pa Johannesburg ndi Blantyre komanso Lilongwe. Asilamu a ku Machinga ndi Balaka opita ku Hajj ali ndi njira yodzera ku Addis Ababa kukafika ku Jeddah. Koma kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tikiti inathawiranso kutali ndi munthu wolandira makwacha, ndipo m'kati mwa dziko, kwa zaka zambiri, njira yokhazikika ya kampani yathu yakhala ya Lilongwe ndi Blantyre basi.

Kuti muone kumene okwera a Wenela anapita, imani pa Mangochi Turn-off kapena pa Chingeni pamene basi ya ku Joni ikukweza. Zidzukulu za nkhalamba zija ndi zimenezo, zikwama kumsana, pasipoti itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Pansi pali matumba osokedwa ndi chingwe, lililonse litalembedwa dzina ndi nambala ya foni ya wolandira: mpunga wa ku madambo a Chilwa ndi Chiuta, matemba ouma, nandolo, ufa woyera, mtedza, chinangwa. Kondakitala akunyamula thumba ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera kwake, n'kutchula mtengo. Mayi akupempha: "Achimwene, tachotseraniko pang'ono, ndi kandiwo chabe ka mwana wanga." Amagwirizana, thumba limalowa m'thirela. Basiyo idutsa pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, masiku awiri panjira, pamene ndege ikanatenga maola awiri ndi pang'ono. Pobwera, matransipota amadzaza mafiriji, mawailesi, njinga, matayala ndi malata, ndipo nthawi zina bokosi la m'bale amene wamwalira kumeneko. Onsewa ndi okwera ndi katundu wa njira yomweyo ya Blantyre ndi Johannesburg imene makampani a ndege amapikisanapo. Ndege imawataya chifukwa cha mtengo wa tikiti, komanso chifukwa cha sikelo ya pa kauntala imene imati chikwama chisapitirire makilogalamu 23, ndipo choonjezera chilichonse chili ndi mtengo wake. Sikuti onse angakwere ndege, ayi. Ambiri alibe ndalama, ena alibe mapepala. Koma pakati pawo pali amalonda oyenda mwezi ndi mwezi, pali othamangira maliro, pali amene bwana wawapatsa masiku asanu okha a tchuthi. Kampani imene ingakonze tikiti yogulidwa msanga pa mtengo wotsika, yolipiridwa pa foni, yokhala ndi basi yochokera pa Liwonde ndi pa Balaka kukafika pa Chileka nthawi yake, ingapeze anthu amene sanawerengedwepo kuyambira 1974.

Katundu wa pa ndege wodziwika kwambiri amene anafikapo ku Machinga anali wamoyo. Mu 1993 zipembere ziwiri zinabwera kuchokera ku Kruger kudzayambitsanso mtundu wake ku Liwonde. Mu Novembala 2019, zaka zinayi African Parks itayamba kusamala nkhalangoyi, zipembere zina 17 zinanyamulidwa ku KwaZulu-Natal, chilichonse m'bokosi lakelake, madokotala a nyama akuzipatsa mankhwala oziziritsa mtima panjira. Zinatera ku Lilongwe, kumene ndege zazikulu za katundu zimatera bwino, ndipo zinamaliza ulendo pa malole, kutsika ndi msewu wa Dedza ndi Ntcheu mpaka ku Liwonde, ngakhale Chileka ili pafupi. Katemera woyamba wa Covid-19, mlingo wokwanira 360,000, anateranso ku Lilongwe pa 5 Malichi 2021, kenako n'kugawidwa m'zipatala za m'maboma pa magalimoto oziziritsa. Zobwera ndi zambiri. Vuto lili pa zotuluka. Mwini lole aliyense wa pa Balaka amadziwa kuti ukapita wodzaza n'kubwerera wopanda kanthu, mtengo wa ulendo wobwererawo umausenzetsa katundu wa ulendo wopita. Ndege ndi chimodzimodzi. Ikatula mankhwala ndi zipangizo n'kunyamuka m'mimba muli pululu, kilogalamu iliyonse yolowa m'dziko imadula kawiri, ndipo mwini ndegeyo sachedwa kuchepetsa maulendo. N'chifukwa chake katundu wathu wambiri amangodalira kampata kotsala pansi pa ndege za anthu zikwama zikalowa. Mu 737 kampatako kamakwana matani ochepa, mu Q400 ndiye pafupifupi palibe.

Zotuluka zilipo, ndipo zikutiphunzitsa kanthu. Nsomba zokongola za m'nyanja ya Malawi, mbuna ndi zinzake, zakhala zikupita ku Ulaya zamoyo kuchokera ku Senga Bay, m'matumba a madzi opoperedwa mpweya, malonda amene Stuart Grant anawadziwikitsa. Mango a mtundu wa Alphonso olimidwa ku Salima amafika pa msika wa ku Mumbai mu Novembala ndi Disembala, nthawi imene mango a ku India komweko asanapse. Ku Zambia alimi a maluwa ndi ndiwo zamasamba anapanga bungwe lawo la ZEGA, n'kukhala ndi nyumba yoziziritsira katundu pa bwalo la Lusaka ndi kumabwereka ndege pamodzi, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Maluwa a ku Naivasha amadulidwa m'mawa, madzulo ali pa bwalo la Nairobi, kukacha ali ku Amsterdam. Paliponse pamenepa ndege inabwera pambuyo pa zinthu zina: mbewu imene msika ukufuna, madzi othirira, chikalata chotsimikiza kuti zipatso zilibe tizilombo, galimoto yoziziritsa, ndi katundu wokwanira sabata iliyonse mosaphonya.

Thonje la ku Balaka, nandolo wa ku Machinga, miyala ya laimu ya ku Chenkumbi ndi miyala ya mtengo wapatali ya ku Kangankunde ndi katundu wa sitima ndi malole, ndipo njanji ya Nacala, imene lero imanyamulanso malasha a ku Moatize kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde, ili pomwepo kuti iwatenge. Gawo la ndege lili m'mbali mwa Shire, mtsinje wodutsa pakati pa maboma awiriwa chaka chonse, kumene tsabola, therere, zitheba ndi mango a mitundu yofunidwa kunja angalimidwe ndi mthirira n'kukolola pamene ena alibe. Chofunika n'chakuti zimenezi zikathyoledwa m'mawa zifike pa bwalo tsiku lomwelo zisanafote. Pamenepa ndi pomwe msewu wa Lirangwe, Chingale mpaka Machinga, umene maboma otsatizana akhala akuulonjeza, ukukhalira nkhani ya ndege, chifukwa ungadule njira yozungulira ya ku Zomba ndi Limbe n'kufupikitsa mtunda wa pakati pa Liwonde ndi Chileka. Malawi Airlines, Air Cargo Malawi ndi oyang'anira mabwalo akamalengeza njira yatsopano, ndimafuna kumva zinthu zitatu pamodzi ndi dzina la mzinda umene ndege ikupita: malo a katundu ndi makilogalamu angati pa ulendo, kilogalamu imodzi ndi ndalama zingati, ndipo chipinda choziziritsira pa Chileka chingasunge zochuluka bwanji magetsi atazima. Makalabu a alimi a kwa Sitola ndi ku Utale atadziwa manambala amenewa angathe kukhala pansi ndi mlangizi wawo, kuwerengera okha, n'kusankha chodzala.